Chifuwa cha Ababa

Lolemba, 22 Julayi 2024

Andigoneka lero masana, wodi ya amayi, chipinda cha odwala chifuwa, bedi la pawindo. Ndikulemba kuti ndisaiwale zimene madokotala akunena. Abale akamafunsa ndikufuna ndiziyankha zimene zanenedwa, osati zimene ndikuganiza.

Farida Jaffalie, zaka 34, mphunzitsi wa bayoloje, kwathu ku Nkope. Sikelo yati makilogalamu 47. Mu Epulo ndinali ndi 58. Thupi limatentha madzulo aliwonse, thukuta limanyowetsa zofunda, ndikapuma kumandibaya kumbali ya kumanja. Chithunzi cha m'chifuwa chaonetsa kuti theka la phapo lakumanja lamira m'madzi.

Adokotala ake ndi mayi, a Victoria. Salankhula zambiri, ndipo ndawakondera chimenecho. Anandifunsa ngati kunyumba kuli wina amene anatsokomola nthawi yaitali. Ndinati ababa. Anafunsa ngati anayezetsa. Ndinati anamwalira mu Meyi osayezetsa, ndipo tinawaika tsiku lomwelo monga timachitira Asilamu. Anangogwedeza mutu.

Gadiyani wanga ndi Naima, mkazi wa mlongo wanga wamng'ono Latif. Wayala chitenje pansi pa bedi.

Lachiwiri, 23 Julayi

Anabaya pakati pa nthiti n'kuikapo paipi yopita m'botolo lili pansi. Madzi ake ndi achikasu ngati mafuta ophikira. Atafika lita imodzi anatseka, kuti phapo lisafutukuke mofulumira. HIV palibe. Shuga ali bwino. Magazi ndi ochepa.

Kukupweteka. Basi.

Lachitatu, 24 Julayi

Ndi TB. M'makhololo mwanga makina sanapeze kachilombo, koma madzi aja ali ndi zizindikiro zonse. Matendawa ali m'chikuta cha phapo, ndiye sindingapatsire munthu mosavuta. Mankhwala: mapiritsi atatu m'mawa ndisanadye, kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi kena kakang'ono koteteza dzanzi la kumapazi. Mkodzo uzifiira, ndisadabwe.

A Victoria anati aliyense amene anakhala nyumba imodzi ndi ababa ayezedwe, kuyambira amama.

Ndinati, "Amama ali pa eda."

Iwo si Msilamu koma agwira ntchito kuno nthawi yaitali, akudziwa. Mkazi amuna ake akamwalira amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzikongoletsa, osayenda. Anangofunsa kuti itha liti. Ndinati kumapeto kwa Seputembala.

"Akutsokomola?"

Ndinayang'ana Naima, chifukwa iye ndiye amakhala nawo. Naima anayang'ana pansi. "Kuyambira tisanaike maliro. Masiku ano chitenje chikuwazungulira kawiri."

A Victoria anati, "Seputembala ndi kutali."

Amama ali ndi zaka 61. Amagona chipinda chomwe ababa anafera, zenera lake ndi laling'ono ndipo chiyambire eda silinatsegulidwe. Ndaphunzitsa ana a Fomu 3 za chifuwa chachikulu zaka khumi. Ndikudziwa chimene chimachitika m'chipinda chotere.

Lachinayi, 25 Julayi

Madzi otuluka lero: theka la lita. Kupuma kwapepukako.

Ndinawaimbira amama.

"Amama, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka. Iwe ndiye uli ndi paipi m'nthiti, ukufunsa ine?"

"Akuti mubwere akuyezeni."

"Akutero ndani?"

"Adokotala."

"Adokotala akowo anakwatiwapo?"

"Sindinawafunse."

"Uwafunse. Ababa ako anandigwirira ntchito zaka makumi anayi. Sindinagulitsepo nsomba pamsewu, sindinapemphepo mchere kwa mnansi. Ine ndilephere kuwakhalira m'nyumba miyezi inayi?"

Ndinawauza kuti malamulo a eda amalola kutuluka pa matenda. Ndawerenga, ndipo Latif anakafunsa kwa ashehe a pamzikiti wathu, iwonso anatero. Amama anati ashehewo ndi mwana wadzulo, anamuona akuyenda opanda kabudula. Kenako anayamba kutsokomola mpaka foni anaiika pansi. Ndinkamva nkhuku pabwalo, ndi chifuwa chija. Sanaitolenso.

Bedi loyandikana nalo kuli a Tikhala, mayi wachikulire wa ku Malindi, Mkhristu, TB yawagwira kachiwiri. Anamva zonse, poti pano palibe chobisika.

"Aphunzitsi, mumalankhula ndi amayi anu ngati mukulemba pabolodi."

"Ndikuwauza zoona."

"Eya, n'zoona. Inenso adokotala anandiuza zoona ulendo woyamba, ndinasiya mankhwala pakatikati kukakolola mpunga. Mukundiona ndili pano."

Lachisanu, 26 Julayi

Kunabwera azakhali Abiba, mlongo wa ababa. Iwo ndi amene akuyang'anira eda ya amama. Anabweretsa mpunga ndi chambo chamsuzi. Chakudyacho chinali chabwino, ndilembe zimenezo kaye.

Anakhala pabedi n'kuyang'ana botolo la madzi lija nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwana wanga, izi si za chipatala chokha. Malemu mlongo wanga akudandaula. Sadaka ya masiku makumi anayi ija munaichita mothamanga, mpunga unachepa, anthu ena anabwerera osadya. Ndinamulota ataima pakhomo."

Ndinati, "Azakhali, ababa sanadyepo chakudya atakhala pansi bwinobwino. Mbale ankaiika pamwamba pa dengu n'kumadya akuyang'ana moto. Pa Ramadani ankamasula kusala ndi madzi okha, n'kubwerera kumauvuni. Munthu ameneyo lero akundidwalitsa ine chifukwa cha mpunga?"

"Usamalankhule choncho za akufa."

"Ndinu mukulankhula choncho za akufa. Ine ndikuwaikira kumbuyo."

Ananyamuka osatsanzika. Naima anawaperekeza, pobwera anati ndinakweza mawu. Sindinakweze. Paipi silola.

Chimene chandikwiyitsa kwambiri n'chakuti mbuzi ya sadaka ina ipezeka mawa lomwe ndikangovomera, anthu asonkhana, pemphero la duwa liwerengedwa. Koma galimoto yobweretsa amama kuno, ulendo wosafika ola limodzi, palibe akuiganizira.

Loweruka, 27 Julayi

Madzi achepa kwambiri. Ndayenda mpaka kubafa, Naima atanyamula botolo pambuyo panga. Mkodzo wafiiradi. Lero ndili ndi mphamvu yolemba.

Ababa, Che Jaffalie, sanali msodzi. Ankawamba nsomba. Ikatha swala, pemphero la m'mawa, ankapita padoko kukadikira mabwato, n'kugula kampango, mlamba, nthawi zina mcheni. Ankatumbula okha, kutsuka okha, n'kuyala pawaya pamwamba pa mauvuni atatu adothi kuseri kwa nyumba. Nsomba ankatembenuza ndi manja. Nsonga za zala zawo zinali zolimba moti khala lamoto ankalitola n'kulibwezera m'malo mwake akulankhula nkhani ina. Moto ukakula nsomba imapserera, ukachepa imaola m'kati, ndiye munthu suchokapo. Maso awo ndinawadziwa ali ofiira moyo wanga wonse. Madengu akadzaza ankakwera nawo pamwamba pa lole mpaka ku Limbe, kuzizira kapena mvula.

Sankatha kuwerenga. Koma ulendo uliwonse wa ku Limbe ankabwera ndi buku lakale logula pamsewu. Ankasankha poona zithunzi. Ena anali opanda ntchito kwa ine: lina linali la kakonzedwe ka mathirakitala, lina la chilankhulo chimene mpaka lero sindikuchidziwa. Limodzi linali la thupi la munthu, lopanda chikuto, lokhala ndi chithunzi cha mapapo chopakidwa pinki. Ndinali mu Sitandade 6. Ntchito yanga inayambira pamenepo.

Kusekondale yunifolomu yanga inkanunkha utsi ngakhale ndichape bwanji. Anzanga ankanditcha Kampango. Nditawauza ababa anaseka n'kuti, "Uwauze kuti kampangoyo ndi amene akulipira sukulu."

Lamulo lawo linali limodzi: ine osayandikira mauvuni. Ndikawatengera tiyi ndinkaima patali, iwo n'kubwera kudzalandira. Ankati, "Utsi uwu ndi wanga." Ndiye ankadziwa. Ichi ndi chimene chikundidya. Ankadziwa kuti chinthu cholowa m'chifuwa chimapha, ndipo mwana wawo anamuteteza, koma atayamba kutsokomola iwowo, zaka ziwiri zathunthu, ankati ndi utsi chabe. Ndinawauza kuti akayezetse. Ndinawauzanso. Ndinabwera ndi galimoto ya mnzanga mpaka pakhomo, iwo anati kampango wagwa wambiri sabata ino, tipita ikatha nyengo. Nyengo yawo sinkatha. Mvula ikatha kunkabwera mwera, mwera ukatha kunkabwera sukulu ya wina. Ankangogula mapiritsi a chifuwa pagolosale n'kumeza ataimirira.

Milungu itatu yomaliza ndinapempha tchuthi n'kukawasamalira. Ndinkawatembenuza, kuwapukuta pakamwa, kugona pamphasa pafupi nawo. Ngakhale apo anakana chipatala. Ankandifunsa ngati Latif wakoleza moto bwino.

Zonse zimene ndikudziwa zinagulidwa ndi mapapo a munthu ameneyu. Ndikuwathokoza, ndipo ndikanawaona lero ndikanawakalipira mpaka paipi itatuluka.

Lamulungu, 28 Julayi

A Victoria anapereka njira: ngati amama satuluka, makhololo awo atuluke. Nesi wandipatsa kabotolo ka chivundikiro chofiira. Atsokomole m'mawa asanadye, kuchokera pansi pa chifuwa, osati malovu.

Latif anabwera masana ndi nthochi. Ndi iye watenga mauvuni a ababa, ndipo amanunkha ngati iwo. Ndinamufotokozera za kabotolo kawiri. Akundimvetsera anatsokomolera m'chigongono.

"Chimenecho chayamba liti?"

"Utsi, achemwali."

"Usandiuze mawu amenewo pano."

"Ndiye ndinene chiyani? Ndimakhala mu utsi."

Ndinamuuza kuti nayenso ayezetse. Anati ayamba ndi za amama, zake pambuyo, sabata ino nsomba zachuluka. Ndinatseka maso mpaka anachoka.

Lolemba, 29 Julayi

Achotsa paipi. Anati ndipume mwamphamvu, ndigwire mpweya, n'kukoka kamodzi. Asoka ndi ulusi. Sikelo: 47, sindinatsike.

Latif wabweretsa kabotolo m'mawa, kokulunga m'pepala la pulasitiki. Ndinadabwa kuti amama avomera msanga. Anati anavomera. Sanakhale pansi. Nesi analemba dzina la amama pakabotolo n'kupita nako.

A Tikhala lero adya bwino ndipo akuvutitsa aliyense. Anandifunsa chifukwa chake sindinakwatiwe. Ndinati sindinapeze chifukwa chokwanira. Anati, "Inu mukanakhala pa eda mukanapempha kaye umboni woti mwamunayo wafadi."

Lachiwiri, 30 Julayi

Zotsatira: kachilombo kapezeka, kambiri. Mankhwala wamba agwira, si mtundu wosamva mankhwala uja.

A Victoria atanena, mtima wanga unakhala pansi. Ndinaganiza kuti tsopano tili ndi chinthu chogwirika choika pamaso pa azakhali, ndipo mankhwala angathe kupita kunyumba. Ndinayamba kufunsa kuti amama popanda sikelo awapatsa mapiritsi angati.

Naima anatuluka panja. Anakhalitsa. Pobwera maso anali otupa, anakhala pansi n'kugwira mwendo wa bedi.

"Alamu, makhololo aja si a amama."

"Ndi a ndani?"

"A bambo a kwathu."

Amama anakana kabotolo. Azakhali anati za m'thupi mwa mkazi wa pa eda sizituluka m'nyumba kupita m'manja mwa amuna osawadziwa. Lamulo limenelo sindinalimvepo, ndikukhulupirira linabadwa tsiku lomwelo. Latif anaopa kubwera kwa ine ndi botolo lopanda kanthu. Anaima kuseri kwa sitolo podikira minibasi n'kulavuliramo yekha.

Ndinawauza a Victoria. Iwo anati, "Chabwino. Tapeza wodwala wina. Abwere mawa. Ana ake ndi akazi ake ayezedwenso."

Ine sindinathe kunena chabwino.

Lachitatu, 31 Julayi

Latif wayamba mankhwala, mapiritsi anayi. Sagonekedwa. Naima amujambula, alibe. Ana awo awiri abwera nawo Lachisanu.

Latif anabwera pabedi panga atavala chotseka pakamwa, akuyang'ana kuwindo.

"Unkaganiza chiyani?"

"Ndimati apeza kuti mulibe kanthu, inu mtima ukhale pansi, muchire bwino."

"Ndiye akanapeza kuti mulibe kanthu, ine ndikanasiya kuwavutitsa amama. Ukanawapha ndi botolo loyera, ukudziwa?"

"Sindinaganize mpaka pamenepo."

"Pakhomo pathu palibe amaganiza mpaka pamenepo."

Anakhala pamphepete pa bedi. Kenako anafunsa chimene chinkamuvuta kwenikweni: adokotala amuuza kuti atalikire utsi kwa kanthawi, nanga mauvuni akazima? Chimwalirire ababa sanazimepo tsiku limodzi. Anati anthu padoko aziti mwana wa Che Jaffalie ndi waulesi.

Ndinamuuza kuti anthu padoko ananyamula jeneza, chithatha cha maliro a ababa, n'kubwerera kukagulitsa nsomba zawo kwa munthu wina tsiku lomwelo. Analira. Sindinamutonthoze. Ali ndi zaka 29 ndipo ali ndi mapewa a ababa, kaimidwe ka ababa, ndi yankho la ababa.

Tilipo awiri tsopano. Amama akadali m'chipinda chija.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Nseru m'mawa wonse. Atenga magazi oyeza chiwindi.

Ndinawaimbiranso amama. Ndinali nditakonza mawu odekha. Anayamba ndi kundiuza kuti Latif ndi wopusa koma mtima wake ndi wabwino, ndipo ndisamuzunze. Mawu awo asintha, amapuma pakati pa chiganizo. Ndinawapempha kabotolo kokha, osatuluka m'nyumba. Anati akaona ikatha eda.

Ndiye ndinanena. Ndilemba monga ndinanenera.

"Amama, chifuwa cha ababa sichinali utsi. Inali TB. Ndi iwo anandipatsa ine, ndi iwo anapatsa Latif, ndipo ndi iwo akupatsani inu. Anakana chipatala zaka ziwiri akutsokomolera ana awo. Munthu mukumukhalira m'nyumbayo ndi amene akutimaliza."

Amama anatsokomola. Kenako anati, "Wamaliza, aphunzitsi?" N'kudula.

A Tikhala anatembenukira kukhoma.

Kunena mwachilungamo, umboni ndilibe. Ababa sanayezedwe ndipo sadzayezedwa. Chimene ndili nacho ndi ndondomeko: iwo anatsokomola zaka ziwiri, anaonda, analavula magazi, ndipo atatu amene tinawasamalira tadwala m'miyezi itatu. Mwana wa Fomu 3 akanandiyankha choncho pamayeso ndikanamuchonga. Koma sindinanene monga yankho la mayeso. Ndinanena kuti ziwapweteke.

Lachisanu, 2 Ogasiti

Chiwindi chili bwino. Nseru ndi ya mankhwala chabe, ndizimwa ndi kaphala pang'ono. Ana a Latif alibe matenda, awapatsa mankhwala oteteza.

Foni ya amama ndi yozimitsa.

Loweruka, 3 Ogasiti

Yozimitsabe. Latif akuti atsekera chitseko, chakudya akulandirira pakhomo, ndipo salankhula ndi aliyense, ngakhale azakhali.

Mwera ukuwomba, fumbi likulowa pawindo. Tsiku ngati lalero mabwato satuluka. Ababa masiku otere ankakhala osakhazikika, ankamata ming'alu ya mauvuni, kuwaza nkhuni za mwezi wathunthu, kusoka madengu omwe sanang'ambike. Tsiku lina lotere ndili mwana anandikhazika pamwala n'kuti ndiwawerengere buku la thupi la munthu lija. Ndinkawerenga Chingerezi n'kumamasulira momwe ndikanathera. Titafika pa mtima anandiimitsa. "Ndiye supuma? Ngakhale munthu atagona?" Ndinati supuma. Anakondwa kwambiri, ngati amva za m'bale wawo.

A Tikhala andipatsa chinangwa chophika. Anati, "Mwana wanga, amayi anu mwawalasa pamalo pamene. Kaya abwera kaya sabwera, koma kugona sakugona."

Lamulungu, 4 Ogasiti

Sikelo: 48. A Victoria akuti Lachiwiri ndituluka.

Palibe uthenga.

Lolemba, 5 Ogasiti

Amama abwera.

Anafika m'mawa pa galimoto yahayala, ndi azakhali. Anavala nsalu yakuda yopanda maluwa, mpango ataukokera mpaka pamphuno, opanda ndolo, opanda wanja wodzola m'maso. Ndinawazindikira ndi kayendedwe kokha. Atha. Manja awo ali ngati a mwana. Anayenda pakati pa wodi akuyang'ana pansi, anafika pabedi panga, ndipo sanandipatse moni.

"Ali kuti dokotala amene akunena amuna anga?"

Nesi anakaitana a Victoria. Amama anakana mpando. Anaima atagwira chitsulo cha bedi, akupuma movutika.

"Ndinu mwauza mwana uyu kuti bambo ake ndi amene adwalitsa ana awo?"

A Victoria anati, "Mayi, amuna anu sindinawaonepo ndipo sindinawayeze. Sindinganene kuti anali ndi chiyani."

Amama anatembenukira kwa ine koyamba. "Wamva?"

Ndinati ndamva.

"Munthu uja ankadzuka anthu onse ali m'tulo. Nsomba yabwino ankagulitsa, iye n'kudya mitu. Uyu wafika poyankhula Chingerezi ndi madokotala chifukwa cha iye. Lero ali m'manda sangadziyankhire, ndiye mumuike mlandu?"

A Victoria anadikira kuti chifuwa chimene chinatsatira chithe. Kenako anati, "Amene ndingamuyeze ndi inu."

"Mukachipeza mwa ine?"

"Tikupatsani mankhwala, muchira."

"Sindikufunsa zimenezo. Mukachipeza mwa ine, sizingatheke kuti ndine ndinapatsa anawa?"

A Victoria anandiyang'ana, ine ndinayang'ana bulangeti. Anati, "Zingatheke."

"Bweretsani botolo lanulo."

Azakhali anayamba kuti, "Alamu, koma eda," amama n'kuwadula: "Abiba, khala chete, ndi amuna anga." Sindinawamvepo akuwatchula azakhali dzina.

Anapita panja ndi nesi kukatsokomola. Kojambula chifuwa kuli mwamuna, ndiye anakana kulowa mpaka nesi wamkazi anawaimika yekha pamakina, mwamunayo n'kungodina ali kuseri kwa khoma. Sikelo: 41. Chithunzi chaonetsa bowo pamwamba pa phapo lakumanzere. Zotsatira za makhololo zinatuluka masana: kachilombo kalipo, mankhwala wamba agwira. A Victoria ankafuna kuwagoneka masiku angapo. Amama anakana, anati dzuwa likamalowa akhale ali m'nyumba ya amuna awo. Anagwirizana kuti mankhwala akamwera kunyumba, zenera litsegulidwe, ndipo akayamba kulavula magazi kapena kubanika abwera osafunsa munthu.

Atamva zotsatira amama anakhala pansi koyamba, pamphepete pa bedi langa. Nkhope yawo inali ya munthu amene wapambana mlandu.

"Ndine," anatero. "Umuuze Latif. Abiba, ukauze a padoko onse. Chinali mwa ine, ndine ndapatsa ana. Ababa ako anafa ndi utsi wa ntchito yawo."

Ababa anayamba kutsokomola zaka ziwiri zapitazo. Amama anayamba mu Epulo. Ndinali nazo pakamwa.

Nesi anabwera ndi mapiritsi atatu ndi kapu ya madzi. Amama anakweza mpango pang'ono n'kumeza limodzilimodzi, akundiyang'ana. Ndinadikira mpaka lachitatu litatsika, ndipo mawu aja nanenso ndinawameza.

Ponyamuka anati eda ayambiranso mawa kuchokera pa tsiku loyamba, poti ija aiswa. Ngakhale azakhali anati sikofunika. Palibe buku limene limanena zimenezo, ndikudziwa. Amama anati sakufunsa buku. Anandigwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja, monga ankachitira ndili mwana, n'kuti, "Waonda. Uzidya." Anatuluka atagwira mkono wa azakhali.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Anditulutsa. Ulusi akachotsa sabata yamawa. Mankhwala a mwezi umodzi ndalandira, anga ndi a amama. Sindipita kunyumba ya kusukulu, ndipita ku Nkope. Wina ayenera kuona kuti mapiritsi akumezedwa m'mawa uliwonse ndi kuti zenera lija latsegulidwadi. Latif wapeza munthu womugwirira mauvuni mwezi uno, ndipo akuyenda ngati waba.

Ndikadali wokwiya ndi ababa. Ndikuganiza kuti zitenga nthawi kuposa mankhwala.

Naima akumanga katundu, a Tikhala anandikodola kuti ndiyandikire. Iwo atsala, sikelo yawo sikukwera.

"Aphunzitsi, inu odziwa zinthu. Tangondiuzani ine ndekha. Chinayambira kwa ndani?"

Wodi yonse inali itatchera khutu, ndipo pakhomo panali ataima mayi wina wa ku Nkope amene amagula nsomba kwathu.

Ndinati, "Kwa amama."